Luso la Ana a ku Kamushanga

Omvera athu, dutsani ku Kamushanga kuno ku Kabwe madzulo mukaone ana akupinda waya kupanga timagalimoto. Luso lilipo, chosowa ndi wowaphunzitsa. Ku Lusaka National Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1996, ana ali ndi malo awoawo. Nanga a ku Kabwe? Chigaza cha munthu wamakedzana chomwe chinapezeka mumgodi wa Broken Hill kuno ku Kabwe mu 1921 chili ku London. Akatswiri ojambula ndi osema a ku Lusaka abwere, akhale pansi ndi ana athu, awaphunzitse kuumba chigazacho ndi dongo komanso kujambula mkuyu waukulu wa m'tauni muno. Koma dongolo lichokere kutali ndi mgodi wakale, chifukwa dothi lakumeneko lili ndi mtovu. Aphunzitsi ndi makolo, aitaneni amisiriwa.