Musanagule mbewu, werengani zigubu

Mvula ikamatha, mauthenga amene ndimalandira pa foni amayamba kufanana. Wina wangokwatira kumene ndipo apongozi amupatsa kamalo kuseri kwa nyumba. Wina ndi mphunzitsi amene wangotumizidwa kuno kwa Tengani, watopa ndi kugula masamba ofota pamsika. Funso lawo limakhala limodzi: "Ndikufuna kadimba ka pakhomo, ndigule mbewu yanji?"

Yankho langa silimawasangalatsa kwenikweni, chifukwa ndimawauza kuti mbewu ndi nkhani yomaliza. Kuno kuchigwa cha Shire dimba la pakhomo limafa ndi ludzu, limafa ndi mbuzi, limafanso ndi dzuwa la masana. Dzinja likafika pamabwera mdani wachinayi, madzi osefukira. Mukalinganiza dimba lanu poganizira adani amenewa mudzadya ndiwo ngakhale mutafesa bonongwe wopempha kwa agogo. Mukayambira kusitolo ya mbewu, mudzangotsala ndi timapepala tokhala ndi zithunzi zokongola za kabichi.

Ambirife tikuphunzirira ulimi pa YouTube ndi Facebook, ndipo palibe cholakwika. Koma muzidzifunsa kuti amene akulankhulayo ali kuti. Munthu wa ku England akamati dimba likhale pamene dzuwa limawomba tsiku lonse, akunena zoona za kwawo kumene dzuwa n'losowa. Ngakhale mlimi wa ku Dedza kapena ku Bvumbwe ali pamtunda pozizira. Ife tili kunsi kwenikweni kwa Malawi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40 mwinanso kuposa. Malangizo ambiri a m'mavidiyo amenewo, kuno amayenera kutembenuzidwa.

Madzi: dimba likule molingana ndi zigubu zanu

Masamu ake ndi osavuta. Nyengo yotentha, malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi amafuna malita pakati pa 5 ndi 7 pa tsiku. Ndiye kuti bedi la mita imodzi mulifupi ndi mamita 3 mulitali limamwa pafupifupi chigubu chimodzi cha malita 20 tsiku lililonse. Mabedi 4, zigubu 4. Mabedi 10, zigubu 10, kuwonjezera pa madzi akumwa, ophikira, osamba ndi ochapira.

Ndikati tsiku lililonse ndikuphatikizapo Lamlungu, tsiku la maliro, ndi tsiku limene malungo akugwirani. Choncho nkhani imeneyi ikambidwe pabanja khasu lisanagunde pansi. Nthawi zambiri amene amalota dimba lalikulu ndi bambo, koma chigubu chimakakwera pamutu pa mayi kapena pa mtsikana amene nthawi imeneyo amayenera kukhala akuwerenga. Achimwene, ngati muli ndi njinga, nenani poyera kuti zigubu za dimba muzitenga ndinu. Mukagwirizana kuti mungakwanitse ziwiri pa tsiku, dimba lanu ndi la mabedi awiri basi. Musachite nalo manyazi. Mabedi awiri obiriwira amadyetsa banja kuposa khumi ouma.

Lawaninso madziwo. Mijigo yambiri m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere. Ngati lilime silikukuuzani bwino, thirani madziwo pansi pamalo amodzi kwa masiku angapo. Pakauma n'kuoneka zoyera ngati mwawazapo ufa, umenewo ndi mchere. Madzi otere amapsereza mbande, ndiye pa nazale yesetsani kupeza madzi okoma. Pa mbewu zikuluzikulu thirani patsinde osanyowetsa masamba, ndipo nthawi ndi nthawi muzithira madzi ochuluka kuti mcherewo utsikire pansi kupitirira mizu.

Madzi osambira ndi otsukuluzira mbale musataye. Akumbireni kangalande kopita pa nthochi kapena papaya. Koma asamapite pa masamba amene mukathyole mawa, ndipo madzi ochapira ndi sopo waufa asafike m'dimba n'komwe, chifukwa amawonjezera mchere m'nthaka.

Mpanda umangidwe musanafese

Kuno anthu akakolola, ziweto zimamasulidwa kuti zizidya zokha. Pofika Ogasiti tchire lonse lauma, ndipo chobiriwira chokha m'mudzi monse ndi kadimba kanuko. Mbuzi imakaona ili patali. Mphindi zochepa zimakwana kuti ntchito ya mwezi wathunthu ithe, kenako mumayamba kusalankhulana ndi mnansi amene munkabwerekana naye moto. Mukakadandaula kwa amfumu musadabwe akakufunsani kuti, "Nanga mpanda munamanga?"

Zomangira tili nazo: bango, mapesi a mapira, nthambi zaminga za masau. Mpanda ufike pachifuwa cha munthu wamkulu, ndipo m'munsi mukhale mothithikana chifukwa nkhuku zimalowera pansi. Chiswe chidzaudya ndithu, choncho werengerani kuti chaka chilichonse muziukonza. Pofooka pa mipanda yambiri ndi pakhomo. Pangani chitseko choti ngakhale mwana wa sitandade 2 atha kutseka bwinobwino, poti amene adzatumidwe kukathyola ndiwo ndi yemweyo. Ena amabzala nkhadze kuti ukhale mpanda wamoyo, koma utomoni wake ndi woopsa m'maso, ndiye pakhomo pa ana aang'ono ine sindilimbikitsa.

Chinanso, neti yogonamo si mpanda. Ndimaziona m'madimba zitakutira tomato pomwe ana akugona osadziteteza. Kuno udzudzu sutha chaka chonse, ndipo ndalama imene mungapulumutse pa ndiwo idzathera pa malungo.

Malo: foni yanu igwire ntchito apa

Musasankhe malo mutakhala pakhonde. Tengani foni, jambulani pamene mukuganizirapo cha m'ma 8 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 3 koloko madzulo. Mukayang'ana zithunzi zitatuzo muona mmene mthunzi umayendera. Chimene tikufuna ndi malo olandira dzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana, kenako n'kulowa mumthunzi dzuwa likapendeka. Kawirikawiri malo otere amapezeka kum'mawa kwa nyumba kapena kwa mtengo. Koma musayandikire kwambiri mtengo wa nimu. Mthunzi wake ndi wabwino, vuto mizu yake imayenda patali ndipo idzamwa madzi amene mwasenza movutikira. Siyani mapazi angapo akuluakulu kuchokera pamene nthambi zathera.

Dimba likhale poti maso anu aziliona mukamaphika kapena kutsuka mbale. Dimba lobisika limaiwalika. Likhalenso kutali ndi chimbudzi, makamaka lisakhale kumunsi kwake kumene madzi amathamangira mvula ikagwa. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023.

Tsono pitani kwa munthu wamkulu amene wakhalitsa pamalopo mukamufunse mwaulemu: "Agogo, madzi a 2015 anafika pati? Nanga a Idai mu 2019, a Ana mu 2022, a Freddy mu 2023?" Akulozerani pa mtengo kapena pa khoma. Afunseninso kumene madzi ochokera kumapiri a kumadzulo amadutsa mvula ikagwa yamphamvu, chifukwa si Shire yekha amene amakokolola. Zimenezi intaneti singakuuzeni, koma agogo akuuzani mwaulere, mwina n'kukupatsaninso njere za therere.

Mabedi a chilimwe ndi mabedi a dzinja

M'mavidiyo mabedi amakhala okwera, ena otchingidwa ndi matabwa. Kuno kuyambira Epulo mpaka Novembala bedi lokwera limangouma msanga. Nyengo imeneyi kumbani bedi lolowa pansi ngati beseni, kuya kwake masentimita 10 mpaka 15, dothi lochotsedwalo likhale mlambala m'mbali. Madzi amene mwathira amakhala pomwepo, ndipo mphepo yotentha imadutsa pamwamba. Disembala akafika tembenuzani: unjikani dothi kuti bedi likwere masentimita 20 mpaka 30, tinjira tikhale ngalande. Malo ndi omwewo, mpanda ndi womwewo, chasintha ndi msinkhu wa bedi.

Mulifupi musapitirire mita imodzi, kuti dzanja lizifika pakati osapondamo. Pakati pa mabedi siyani kanjira ka theka la mita koti mudutse ndi ndowa.

Dothi lanu lidziweni. Linyowetseni, mulifumbate m'manja. Likamata n'kupanga kachingwe, ndi makande, dothi lakuda lija limene limang'ambika m'chilimwe n'kusanduka phala m'dzinja. Likangoyoyoka ndi mchenga, umene madzi amangodutsa. Mankhwala a onse awiri ndi amodzi, manyowa. Mwayi wathu kuno makola a ng'ombe ndi mbuzi ndi ambiri. Pemphani manyowa akale owolerana, ndowa 2 kapena 3 pa bedi lililonse, musakanize ndi dothi. Ndowe zaziwisi zimawotcha mizu.

Mukabzala phimbirani ndi udzu wouma, mapesi kapena masamba ogwa a nimu. Dothi la pamtetete masana a Okutobala limatentha moti simungapondepo opanda nsapato, nanga mizu ya mbande ingapirire bwanji? Zophimbirazo zisakhudze tsinde. Chiswe chikabwera chizidya zoumazo, inu muzingowonjezera zina.

Amene mukuchita lendi pamsika kapena m'nyumba za pasukulu, thumba la feteleza la makilogalamu 50 ndi dimba lokwanira. Ikani mzere wa timiyala pakati kuchokera pansi mpaka pamwamba, dzazani m'mbali ndi dothi losakaniza ndi manyowa, boolani m'mbali mubzalemo, ndipo muzithirira pa timiyalapo. Thumba silifuna madzi ambiri, mukhoza kuliika pamalo okwera madzi akamabwera, ndipo eni nyumba akakusamutsani limakwera nawo ngolo.

Tsopano tikambe za mbewu

Kuyambira Epulo mpaka Julayi kunja kumakhala kozizirirako. Imeneyi ndiyo nyengo ya mpiru, repu, tchainizi, anyezi ndi tomato. Tomato musamuchedwetse, chifukwa kukatentha kwambiri maluwa ake amayoyoka osabereka. Kuyambira Ogasiti sinthani, bzalani zimene zinazolowera kutentha: bonongwe, therere, khobwe wa chitambe, mabiringanya ndi mbatata ya kholowa. M'dzinja, pa mabedi okwera aja, nkhwani, denje, chitambe ndi therere zimachita bwino.

Ndikudziwa kuti ena mumaona ngati bonongwe ndi luni ndi ndiwo zachimidzi, mukufuna letesi wa pa chithunzi. Koma bonongwe mumayamba kuthyola patangotha masabata 3 kapena 4, safuna mankhwala ambiri, ndipo mukasiya mitengo iwiri kuti ikhwime mwapeza mbewu ya chaka chamawa osalipira. Wongoyamba kumene amafunika mbewu imene imulimbitse mtima msanga.

Ngati madzi akukulolani mabedi 4, agaweni chonchi: loyamba la masamba, lachiwiri la khobwe, lachitatu la tomato kapena mabiringanya, lachinayi la mbatata kapena anyezi. Mukakolola, mbewu iliyonse isamukire bedi lotsatira. Tomato, mabiringanya ndi tsabola ndi apachibale, matenda awo ndi amodzi, ndiye asamalowane pabedi. Khobwe amasiya chonde m'nthaka, choncho masamba abwere pamene iye wachoka. Za mbatata, funsani alangizi a zaulimi za yofiira mkati ija yokhala ndi vitamini A, monga Kadyaubwerere, Chipika kapena Zondeni. Mudya masamba, mudzadyanso mbatata.

M'makona, mkati mwa mpanda, zikani nthambi ziwiri kapena zitatu za chamwamba, mtengo umene kuno ambiri timati sangowa. Umaphuka kuchokera ku nthambi, umapirira chilala, ndipo mukamaudula pamwamba umakhala waufupi n'kumakupatsani masamba nthawi imene zina zonse zauma. Kunja kwa mpanda mbuzi sizingausiye.

Musafese paketi yonse tsiku limodzi. Fesani theka la bedi lero, theka linalo pakatha masabata awiri kapena atatu, kuti zisakhwime pamodzi. Zikachuluka mu Juni ndi Julayi, futsani n'kuyanika. Mfutso umenewo mudzauthokoza mu Novembala.

Mwina wina akuti, nanga si tili ndi madimba kumtsinje? Alipo, ndipo ndi amene amatipatsa chimanga ndi mbatata madzi akaphwa. Koma ndi kutali, mvuu zimadya nawo, m'mbali mwa madzi muli ng'ona, ndipo chaka cha madzi ambiri amamira. Kadimba ka pakhomo sikalowa m'malo mwake. Ntchito yake ndi yoti mayi woyembekezera asayende mtunda pofuna ndiwo, ndi kuti mwana asadye nsima ndi madzi amchere m'miyezi imene masamba asowa pamsika. Kusikelo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya. Masamba, nyemba ndi zipatso, magulu atatu athunthu, atha kuchokera mkati mwa mpanda umodzi waung'ono.

Ndiye ntchito ya sabata ino ilibe ndalama. Khalani pansi pabanja muwerenge zigubu. Jambulani zithunzi zitatu zija. Kachezereni agogo. Yambani kusonkhanitsa bango ndi manyowa. Ulendo wamawa tidzakamba za nazale: kasakasa ka mthunzi, kafesedwe, ndi chifukwa chake mbande timawokera madzulo. Ndalama ya mbewu ibakhalabe m'thumba.