A FAM, phunziranipo pa za Declan Rice

Abale, kuno ku Dublin anthu sanaiwale za September 2024: England inachinya Ireland 2-0 pa Aviva, zigoli za Declan Rice ndi Jack Grealish. Onsewa anakulira m'matimu achisodzera a Ireland. Rice anasewerera ngakhale timu yaikulu katatu mu 2018, koma masewero apaubale okhaokha, ndiye anachoka ulele.

Ife tinataya kale Tamika Mkandawire, wobadwira ku Mzuzu, yemwe anasewera ku Millwall, kaamba ka lamulo lokana unzika wa mayiko awiri. Aphungu analisintha mu 2018, nanga tikudikiranji? Ana a Amalawi akumenya mpira m'timakalabu ta kuno. A FAM, kambani ndi makolo, pasipoti ituluke msanga, ndipo mwana waluso alowe m'ma qualifier enieni, osati apaubale ayi.