Musamtayire Katundu Wake Mwamseri

M'mabanja ena muli munthu wamkulu ndithu amene amasunga zitsekerero za mabotolo, matikiti akale a basi, nyuzipepala kapena zidole za paubwana wake, ndipo salola wina kuzikhudza. Abale akatopa nazo amadikira kuti mwini wake achokepo, n'kukazitentha kudzala. Iwo amati akonza m'nyumba. Ife tikuti alakwa, makamaka ngati munthuyo ali ndi otizimu.

Otizimu ndi mkhalidwe wokhudza kakulidwe ka ubongo. Si ufiti, si misala, ndipo sutha munthu akakula. M'chaka cha 1943 dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore, m'dziko la America, adalemba za ana 11 otere. Iye adaona kuti anawo ankafunitsitsa kuti zinthu zisasinthe, ndiponso ankamasuka ndi zinthu koposa ndi anthu. Ambiri amakula nawo mtima womwewo. Kwa munthu amene phokoso ndi kusintha kwadzidzidzi zimamsautsa, chinthu chimene adachizoloŵera chimamkhazika mtima pansi, pakuti sichimkalipira ndipo lero chili monga chidalili dzulo. Ena amachimvera chisoni ngati chamoyo.

Komabe tisiyanitse. Kusunga zinthu mwadongosolo si matenda. Vuto lounjika katundu, limene madokotala a ku America adaliika pa lokha m'buku lawo la DSM-5 m'chaka cha 2013, ndi lina. Munthu amalephera kutaya kanthu kalikonse, kufikira bedi, khomo ndi pophikira zitatsekeka, makoswe atachuluka, ngozi ya moto ili pafupi. Pamenepo thandizo lifunikadi. Koma ngakhale zitafika apo, kusesa mokakamiza sikuchiza. Kaŵirikaŵiri mulu uja umabwerera, pamene chikhulupiriro chimene munthuyo adali nacho pa abale ake sichibwerera msanga.

Nanga tichitenji tsono? Poyamba mfunseni chimene chinthu chilichonse chitanthauza kwa iye, ndipo mumvetsere. Kenaka gwirizanani malire: zake zikhale m'bokosi kapena pashelefu, koma pakhomo ndi pophikira pakhale poyera. Zochotsa asankhe yekha, pang'onopang'ono, atauzidwiratu tsiku lake. Ena amalola kusiyana ndi chinthu akachijambula chithunzi. Zikakanika, pitani naye kwa achipatala oona za maganizo.

Inu aphunzitsi, mwana amene amaloŵa m'kalasi ndi kamwala kapena kachingwe m'thumba musamlande pamaso pa anzake, chifukwa mwina ndi kameneko kamene kamamlimbitsa mtima kuti akhale m'kalasimo. Nanunso amene mwatsiriza sukulu, maŵa mudzasamala achimwene kapena achemwali anu otere makolo atapita. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyumba ikayera lero chifukwa chotentha chuma cha mbale wanu, mwataya zambiri koposa zimene mwasesa.