Za Ana a Sukulu: Cikwama Cakuda ca Mlandu wa Teapot Dome

Sabata yatha muphwa wanga, amene ali pa sukulu ya sekondale, anafika kwathu madzulo ndi pepala m'manja. Aphunzitsi a mbiri yakale anampatsa nchito yakuti alembe za mlandu wa ziphuphu wochedwa Teapot Dome, umene unagwedeza boma la America zaka zana zapitazo. Pepala lake linali ndi mizere khumi yokha, yokopera pa foni.

"Amalume, ndatsiriza," anatero. "Nduna inaba mafuta, inagwidwa, niimangidwa."

Ndinamfunsa mafunso atatu. Mafutawo anali a yani? Ndunayo inagwidwa motani? Nanga amene anapereka ciphuphuco zinamthera bwanji? Mnyamatayo anangokanda m'mutu. Tsono tinakhala pansi kufikira usiku, ndipo zimene tinapeza ndizilemba pano cifukwa ana ambiri a sukulu amalemba monga iyeyu. Iwo amathamangira ku mapeto a mlandu, osaona njira imene oweruza anayendamo.

YAMBANI NDI MASIKU

Cinthu coyamba ndico kundandalika zocitika motsata zaka ndi miyezi. Zombo za nkhondo za America zitayamba kuleka malasha ndi kuyendera mafuta, boma linapatula malo atatu okhala ndi mafuta pansi kuti akhale nkhokwe ya asilikari a pamadzi. Awiri anali ku California, Elk Hills ndi Buena Vista, opatulidwa mu 1912. Acitatu anali ku Wyoming, opatulidwa mu 1915, ndipo anachedwa Teapot Dome cifukwa ca mwala wina wa kumeneko wooneka ngati tipoti.

Mu March 1921 Warren G. Harding analowa pa mpando wa Pulezidenti, nasankha bwenzi lake Albert B. Fall kukhala nduna yoyang'anira malo a boma. Pa 31 May caka comweco Harding anasaina lamulo locotsa nkhokwezo m'manja mwa nduna ya asilikari a pamadzi, Edwin Denby, ndi kuziika m'manja mwa Fall. Pa 7 April 1922 Fall anabwereketsa Teapot Dome kwa Harry F. Sinclair, mwini wake wa Mammoth Oil Company. Anacita ici mwakacetecete, osaitana makampani ena kuti apikisane. M'caka comweco Elk Hills inapita kwa Edward L. Doheny wa kampani ya Pan American.

Apa muphwa wanga anaona colakwa cake coyamba. Fall sanabe mafuta. Iye anabwereketsa malo a anthu onse kwa anzake awiri, ndipo anali ndi zifukwa zimene anapereka. Anati zitsime za makampani oyandikana nazo zinali kuyamwa mafuta a boma pansi pa nthaka, ndiponso kuti Doheny analonjeza kumangira asilikari mathanki osungiramo mafuta ku Pearl Harbor. Mwana wa sukulu ayenera kulemba zifukwa zimenezi ngakhale sazikhulupirira, pakuti mlandu suweruzidwa ndi mbali imodzi.

TSATANI NDARAMA

Cinsinsi sicinakhalitse. Pa 14 April 1922 nyuzipepa ya Wall Street Journal inaulula za panganolo, ndipo Nyumba ya Malamulo ya Senate inalamula kuti nkhaniyi ifufuzidwe. Nchitoyo inagwera Thomas J. Walsh, phungu wa ku Montana. Fall anamtumizira mulu waukulu wa mapepala, natula pansi udindo mu March 1923. Harding anamwalira pa 2 August 1923, mboni zisanayambe kufunsidwa. Zitayamba kufunsidwa mu October, ambiri anayesa kuti nkhaniyi idzangofera m'mazira, popeza m'mapepala aja munalibe umboni wa ciphuphu.

Koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Walsh analeka kuyang'ana pa mapangano, nayang'ana pa moyo wa munthuyo. Kunamveka kuti famu ya Fall ku Three Rivers, m'cigawo ca New Mexico, inasintha mwadzidzidzi. Munthu amene anakhala zaka zambiri osalipira msonkho wa malo anaulipira wonse, nagula famu yoyandikana nayo, nakonzanso malo ake. Funso linatsala limodzi: ndaramazo zinacokera kuti?

YEREKEZANI MAU A MBONI

Pano ndi pamene wofufuza aphunzira zambiri. Fall analembera Nyumbayo kalata yonena kuti anakongola madola 100,000 kwa Edward B. McLean, mwini nyuzipepa ya Washington Post. Walsh sanakhutire ndi kalatayo, koma anapita yekha ku Florida kukafunsa McLean. Kumeneko McLean anabvomera kuti anapereka maceke, koma Fall anawabweza osatapa ndarama iriyonse. Bodza linaonekera poyera.

Mu January 1924 Doheny anaima pamaso pa aphungu, nabvomera kuti ndaramazo zinacokera kwa iye. Mu November 1921, mapangano a Elk Hills asanasainidwe, mwana wake ananyamula madola 100,000 m'kacikwama kakuda napita nawo kwa Fall. Doheny anati imeneyi inali ngongole cabe kwa bwenzi lake la kale, naonetsa kalata ya ngongoleyo, koma mbali yokhala ndi dzina la Fall inali yong'ambidwa.

Ndinauza muphwa wanga kuti aike tsiku la cikwama pafupi ndi masiku a mapangano. Atatero anakhala cete kanthawi, nati, "Amalume, ndarama zinatsogola, malo natsatira." Mau amenewa anawapeza yekha, ndipo aposa mizere khumi ija.

Za Sinclair zinapezeka mocedwa. Pulezidenti Calvin Coolidge anasankha maloya awiri, Owen Roberts ndi Atlee Pomerene, kuti aimire boma pa milanduyi. Ofufuza anatsata manambala olembedwa pa mapepala a ngongole ya boma ochedwa Liberty Bonds, napeza kuti mapepala ocokera ku mbali ya Sinclair anafika kwa Fall kudzera mwa mkamwini wake. Zonse zimene Fall analandira kwa anthu awiriwa zinakwana pafupifupi madola 400,000.

LEMBANI CIMENE BWALO LINANENA

Mu 1927 Bwalo Lalikulu la America linafafaniza mapangano onsewo ponena kuti anapezeka mwa cinyengo, ndipo malowo anabwerera ku boma. Mu October 1929 Fall anapezeka wolakwa pa mlandu wolandira ciphuphu kwa Doheny. Anagamulidwa caka cimodzi m'ndende ndi faindi ya madola 100,000, ndipo anakhalamo miyezi isanu ndi inai kuyambira mu 1931. Iye ndiye nduna yoyamba ya boma la America kulowa m'ndende cifukwa ca zimene inacita iri pa udindo.

Tsono nali fupa la nkhaniyi. Mu 1930 Doheny anazengedwa mlandu wopereka ciphuphu comweco, koma bwalo linammasula. Wolandira anamangidwa, wopereka napita kwao. Sinclair nayenso sanamangidwe pa mlandu wa ciphuphu. Iye anakhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi mu 1929 cifukwa cokana kuyankha mafunso a Senate ndi cifukwa colemba anthu oti azizonda oweruza a mlandu wake. Pambuyo pake kampani ya Doheny inalanda famu ya Fall cifukwa ca ngongole, ndipo Fall anamwalira mu 1944 ali wosauka.

Muphwa wanga anafuna kulemba kuti atatu onsewo anamangidwa cifukwa ca ziphuphu, popeza ndi mmene zikanakomera. Ndinamletsa. Wolemba mbiri alibe ufulu wokonza ciweruzo kuti cimkondweretse. Alembe cimene cinacitikadi, ndipo pambuyo pake afunse funso limene libvutitsa anthu kufikira lero: kodi ciphuphu cingakhale ndi wocilandira popanda wocipereka? Pa funso limeneli ndi pamene mwana angaonetse nzeru zake, akasiyanitsa bwino cimene cinatsimikizidwa ndi cimene iye aganiza.

Inu ana a sukulu, musakhutire ndi tsamba loyamba limene mwapeza. Mau a mboni za mlanduwu anasindikizidwa, ziweruzo za mabwalo ziripo, ndi nyuzipepa za masiku amenewo zinasungidwa, ndipo zambiri mwa izi zipezeka pa intaneti. Tsiku liri lonse ndi nambala iri yonse muzione m'malo awiri musanazilembe. Mlandu suola, ndipo uwu wadikira zaka zana kuti inu muuwerenge mofatsa.

Muphwa wanga anacoka ndi masamba anai. Pa khomo anaceuka nafunsa ngati aphunzitsi sadzakwiya poona kuti nkhani yake yathera pa funso. Ndinamuuza kuti akapereke momwemo, ndipo akabwere kudzandiuza cimene adzayankha.