ZA UMOYO WATHU: Wosokonezeka Mutu Akafika ku Cipatala

Acibale akafika ndi munthu wosokonezeka mutu pa cipatala ca Nyimba, anamwino safulumira kunena kuti ndi misala. Agawana nchito: wina amkhazika mtima pansi, wina ampima thupi ndi magazi, wina afunsa acibale. Pakuti malungo, kucepa kwa shuga m'magazi, mowa, ngakhale kuvulala m'mutu, zonsezi zisokoneza maganizo.

Wofuna kudzipha aonedwa msanga ndipo sasiyidwa yekha. Matenda akakula, atumizidwa ku Chainama, ku Lusaka. Lamulo la 2019 liteteza ulemu wa odwala otere.

Cotero acibale asabise zimene wodwala wamwa, kapena tsiku limene matenda anayamba. Anamwino adalira mau ao, pakuti mutu umodzi susenza denga.