Chithunzi n'cha mlendo, thukuta n'la mlimi

Pa ndalama yapepala ya 20 peso imene dziko la Philippines linatulutsa mu 2010 pali chithunzi cha minda ya mpunga ya ku Banaue, m'chigawo cha Ifugao, kumpoto kwa chilumba cha Luzon. Ndi minda yosemedwa m'mapiri, yosanjikizana ngati makwerero kuchokera kumtsinje mpaka pamwamba. Boma limainyadira, makampani okopa alendo amaiika pazikwangwani, ndipo alendo amachezera m'basi usiku wonse kuchokera ku Manila kuti akaione. Amene amatsala chimanjamanja pa malonda onsewa ndi mlimi, yemwe amaima m'matope ofika m'mawondo kuti mindayo ikhalepo. Ine ndikuti kumeneku n'kudyerana masuku pamutu, ngakhale kuti kumachitika mwaulemu, anthu akumwetulirana.

Taonani mmene ulendo umayendera. Mlendo akatsika basi ku Banaue amalembetsa dzina, n'kupereka kandalama kolowera, kenaka amapeza womulondolera njira. Amakwera galimoto yonyamula anthu yotchedwa jeepney mpaka pamene msewu wathera, n'kutsetsereka wapansi kulowa m'mudzi wa Batad. Amayenda pamwamba pa makoma a miyala a mindayo, pamene pamangokwana phazi limodzi, uku madzi, uku phompho. Amakasamba pa mathithi a Tappiya, madzulo n'kukagona m'nyumba ya banja lina la m'mudzimo. Olimba miyendo amapitirira masiku awiri kapena atatu kudzera ku Cambulo ndi ku Pula. Pofika tsiku lobwerera, womulondolera walandira zake, wa jeepney walandira, mwini nyumba yogona walandira, wogulitsa zosemasema nayenso walandira. Mwini munda umene mlendoyo waupondera khoma, waujambula n'kuuika pa Instagram, sanaone ngakhale khobidi, pokhapokha ngati nayenso ali ndi zipinda zogonekamo alendo.

Komatu mlendo sanadzere jeepney kapena bedi. Wadzera ntchito ya mlimi, ndipo ntchito yake ndi yothyola msana. Thalakitala kapena ng'ombe sizingakwere kumeneko, zonse ndi manja ndi fosholo. Madzi amachokera m'nkhalango za mabanja zimene eni ake amazitcha muyong, n'kutsika m'ngalande kulowa m'munda wapamwamba, kusefukira m'wapansi pake, mpaka kukafika kumtsinje. Ngalande imodzi ikatsekeka, minda yonse ya kumunsi imauma. Nyongolotsi zikuluzikulu zimaboola makoma, madzi n'kumadontha mpaka khoma kugumuka. Nkhono zimadya mbande zongowokedwa kumene. Mphepo zamkuntho zikawomba, nthaka imakokoloka n'kukwirira minda, ndipo mwala uliwonse uyenera kunyamulidwa ndi munthu kuubwezera pamalo pake. Mpunga wa makolo, wotchedwa tinawon, umakololedwa kamodzi pachaka. Amayi amadula ngala imodziimodzi ndi kampeni, n'kumanga mitolo imene abambo amasenza kupita nayo kunkhokwe. Mabanja ambiri zokololazo siziwafikitsa kumapeto kwa chaka, moti amakagula mpunga wolimidwa kuzigwa.

Mnyamata wa ku Batad si wopusa, amadziwa kuwerengera. Akalondolera alendo lero, ndalama amaigwira madzulo omwewo. Akakhalira kumanga khoma, adzadya pakatha miyezi, ngati mvula ndi makoswe zamuchitira chifundo. Ambiri amasankha kulondolera alendo, ena amapita ku Baguio, ku Manila kapena kunja kwa dziko. M'minda mumatsala agogo. Bungwe la UNESCO linaika minda ya ku Batad, Bangaan, Mayoyao, Hungduan ndi Nagacadan pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1995. Pofika 2001 linaisamutsira pa mndandanda wa malo amene ali pangozi, chifukwa minda 25 mpaka 30 pa 100 iliyonse inali itasiyidwa. Inachotsedwa pa mndandanda wangoziwo mu 2012 boma ndi anthu atakonzako zina, koma chimene chimathamangitsa achinyamata m'minda sichinachoke. Ndipo munda wosiyidwa suvutitsa mwini wake yekha. Ukauma umang'aluka, mvula ikabwera umagumukira pa munda wa mnansi amene akulimabe.

Ntchito zokopa alendo zawonjezera mabala ake. Mitengo yambiri yagwa kuti isemedwe ziboliboli zogulitsa kwa alendo, pamene mitengoyo ndiyo imasunga akasupe othirira mpunga. Minda yotchuka ya pafupi ndi tauni ya Banaue, yomwe ili pa ndalama ija, siili m'gulu la minda isanu ya UNESCO chifukwa cha nyumba zamakono zimene zaphuka pakati pake. Pamalo oonera mindayo pamakhala nkhalamba zovala zovala za makolo ndi nthenga kumutu, kudikira kuti mlendo azijambule n'kuziponyera kachenje. Anthu amene anamanga zodabwitsazi ndi manja awo asanduka zokongoletsera chithunzi.

Palinso nthano imene amalonda amaikonda, yoti mindayi yakhala zaka 2,000. Wofukula zakale Stephen Acabado ndi anzake atapima zimene anakumba, anapeza kuti minda ya mpungayi inafalikira zaka pafupifupi 400 zapitazo, pamene anthu a kumapiriko ankakana ulamuliro wa atsamunda a ku Spain. Akatswiri angapitirize kukangana za zakazo. Chimene ndikudana nacho ndi ntchito imene nthanoyo imagwira pamsika. Imachititsa mlendo kuganiza kuti akuona mabwinja a anthu akalekale, amene anamanga n'kumwalira, ndipo bwinja silifuna malipiro. Koma khoma limene akupondapo mwina lamangidwanso chaka chathachi ndi mayi wina amene akutsuka mbale kuseri kwa nyumba imene mlendoyo wagona.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Adzati olondolera alendo ndi eni nyumba zogona nawonso ndi ana a alimi omwewo, ndiye ndalama imalowabe m'mudzi. N'zoona, ndipo sindikunyoza mnyamata amene waphunzira Chingerezi m'njira n'kumadyetsa nacho banja. Koma ndalama kulowa m'mudzi sindiye kuti yafika pakhoma. Imathera kwa amene ali m'mbali mwa njira ya alendo, amene anali kale ndi kampamba komangira chimbudzi chamadzi ndi kugula matiresi. Wa munda wakutali ndi njira, amene minda yake ndiyo imadzaza chithunzicho, amangomva kuti kunabwera azungu.

Ena adzati mlimi ali ndi ufulu wosiya khasu, ndipo n'nkhanza kumuumiriza kukhala m'umphawi kuti anthu olemera azipeza poonera. Apa ndikugwirizana nawo kotheratu, ndipo n'chifukwa chake ndikuti alipidwe. Amene akufuna kuti mindayo ikhalebe yobiriwira ndi mlendo, kampani ndi boma. Ofuna chinthu ndiwo amapisa m'thumba. Kuuza mlimi kuti asunge chikhalidwe cha makolo pamene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi ndi chipongwe.

Ndipo pasapezeke wonena kuti n'zosatheka, chifukwa kwina zikuchitika. M'chigawo cha Yunnan ku China muli minda yotereyi ya mtundu wa Hani, imene UNESCO inaizindikira mu 2013. M'mudzi wa Azheke, m'boma la Yuanyang, mu 2018 anayamba dongosolo limene anatsogolera Pulofesa Bao Jigang wa pa yunivesite ya Sun Yat-sen. Anakhazikitsa kampani ya mudzi yolandira alendo, ndipo 70 pa 100 iliyonse ya phindu imapita kwa anthu a m'mudzimo. Kagawidwe kake ndiko kofunika kukamvetsa. Pa gawo la banja lililonse, 40 imadalira kusunga nyumba yamakolo, 30 kulima munda wa mpunga, 20 kukhaladi m'mudzimo, ndipo 10 kukhala m'kaundula wa mudzi. Wasiya munda, wataya 30 yako. Apa mlimi akudziwa kuti matope amene ali m'miyendo mwake ali ndi mtengo, ngakhale mlendo asanagone m'nyumba mwake. Dongosolo la mudzi umodzi silingakopedwe lonse n'kukaikidwa kwina, koma mfundo yake ndi yoti ndalama ya mlendo imangiriridwe ku munda wolimidwa.

Choncho zofunika kuchita n'zodziwika. Kandalama kolowera kaja n'kochepa poyerekeza ndi zimene mlendo amawononga pa ndege, basi ndi kamera. Kakwezedwe, ndipo gawo lodziwika lizipita kwa alimi molingana ndi minda imene alima ndi makoma amene akonza, ndalama zake n'kumalengezedwa pabwalo aliyense akumva. Makampani a m'mizinda amene amagulitsa maulendowa azisonyeza pa risiti kuti zingati zatsala m'mudzi. Nyumba zogona zizilandira alendo mosinthana, kuti mwayi usamangogwera mabanja omweomwewo. Nawenso mlendo usamanenerere mtengo wa wokulondolera ngati ukugula tomato, usamayende wekha pamakoma a eni pofuna kupulumutsa kandalama, ndipo ugule mpunga wa tinawon pamtengo wake kwa amene anaulima. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Iye amakamuka m'mawa, koma wogumukiridwa khoma amatsala pomwepo.

Nkhaniyi isatipite patali ife a kuno. Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda uja wa chuma cha dziko lonse, ndipo tonse tikuyembekeza kuti okwera ku Sapitwa achuluka. Operekeza alendo ndi onyamula katundu a ku Likhubula alipo kale, ndipo ayenera kulandira zokwanira. Koma kuseri kwawo kuli anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo, amene timawauza kuti asadule mkungudza, asawotche makala, asatenthe tchire, kuti mlendo adzapeze chokongola. Unduna woona zokopa alendo ndi khonsolo ya Mulanje atiuze poyera, alendowo asanachuluke, kuti pa kwacha iliyonse imene wokwera phiri adzapereke, ndi zingati zidzafike kwa anthu amenewa, ndipo zidzadzera m'manja mwa yani.