Matekisi a ku South Africa: Kudzaza kuli ndi gwero lake

Mmalawi akatsika basi pa Park Station mumzinda wa Johannesburg, atadutsa ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ulendo wake umakhala usanathe. Kuti akafike ku Soweto, Tembisa kapena Diepsloot komwe kuli abale, ayenera kukwera galimoto yomwe eni dziko amaitcha tekisi, yomwe kuno timati minibasi. Zambiri ndi za mtundu wa Toyota Quantum, zonyamula anthu pafupifupi 15, ndipo sizinyamuka pasiteji mpaka mpando womaliza utapeza mwini.

Mlendo amayamba kusokonezeka ndi malamulo osalembedwa. Ku Johannesburg, woimitsa tekisi pamsewu amalankhula ndi dzanja: chala choloza kumwamba ndiye kuti akupita m'tauni, choloza pansi ndiye kuti atsikira pafupi. M'matekisi ambiri mulibe kondakitala. Ndalama zimasonkhanitsidwa mzere ndi mzere n'kumapatsirana mpaka kutsogolo, ndipo wokhala pambali pa dalaivala ndiye amawerenga ndi kubweza chenji. Mlendo wothamangira mpando umenewo poganiza kuti ndi waulemu amadzidzimuka atalandira ntchito yomwe sanafunsire.

Koma kuthithikana kwa m'matekisiwa sikuchokera ku mwano wa madalaivala okha. Gwero lake ndi mbiri ndi ndalama. Boma la tsankho linakankhira anthu akuda kumakomboni akutali ndi malo antchito, ndipo pamene malamulo a zamtengatenga anafewetsedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, matekisi anachuluka mofulumira kudzatseka mpata umene mabasi ndi sitima zinasiya.

Mu 2021, bungwe la Competition Commission linapeza kuti matekisi amanyamula pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse oyenda pa galimoto za aliyense, koma thandizo la ndalama la boma limapita kwambiri ku mabasi ndi sitima. Chomwe eni matekisi amalandira ndi ndalama yowathandiza kutaya galimoto zakale, kudzera mu ndondomeko yomwe inayamba mu 2006. Mwini tekisi amalipira ngongole ya galimoto, mafuta ndi zokonzetsera kuchokera m'thumba la wokwera. Madalaivala ambiri nawo amapatsidwa mlingo wa ndalama zoti abweretse pa tsiku. Mpando wopanda munthu ndi chitayiko, ndipo kuima pamaloboti ndi kuchedwa. Liwiro ndi kudzaza zimabadwira pamenepo.

Vutoli linakula pamene sitima za Metrorail zinafooka chifukwa cha kuba kwa nthambo ndi kuonongedwa kwa masiteshoni, makamaka m'nyengo ya Covid-19. Ambiri omwe ankadalira sitima yotsika mtengo anakathera pamzere wa tekisi. Chitetezo cha galimotozo nacho chakhala chikudandaulitsa: mu 2019 ofesi ya Public Protector inadzudzula boma polekerera galimoto zopangidwira katundu kusandutsidwa matekisi mosatsata malamulo.

Poti misewu yodzaza anthu ndi chuma, mabungwe a eni matekisi amailimbirana, nthawi zina ndi mfuti. Mu 2021, mkangano wa mabungwe a CATA ndi CODETA pa msewu wa pakati pa Paarl ndi Bellville unaphetsa anthu mpaka boma la chigawo cha Western Cape linatseka msewuwo kwa matekisi. Mu Ogasiti 2023, bungwe la SANTACO linaimitsa matekisi ku Cape Town kwa sabata yathunthu pokwiya ndi kulandidwa kwa galimoto zawo. Anthu zikwizikwi anayenda wapansi usiku kubwerera kwawo, ndipo asanu anaphedwa, kuphatikizapo dokotala wa ku Britain yemwe anali patchuthi ndipo anasokera njira n'kulowa ku Nyanga.

Mavutowa amagwera wokwera aliyense, koma mlendo amasenza owonjezera. M'tekisi ndi momwe munthu amakakamizika kulankhula pagulu, pofunsa mtengo kapena pouza dalaivala malo otsikira. M'dziko lomwe anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zodana ndi obwera mu 2008, lilime losadziwa Chizulu kapena Chisutu limaulula munthu. N'chifukwa chake ena amasankha kupitirira malo awo otsikira kusiyana n'kutsegula pakamwa.

Ngozi ikachitika, nkhani ya mapepala imadzuka. Thumba la Road Accident Fund limalipira ovulala pamsewu, ndipo ndalama zake zimachokera ku msonkho wa pa lita iliyonse ya mafuta, womwe wokwera aliyense amathandiza kulipira kudzera mu mtengo wa ulendo. Komabe mu 2022 thumbali linalamula kuti obwera azionetsa umboni woti anali m'dzikomo movomerezeka. Khoti lalikulu ku Pretoria linathetsa lamulolo mu 2024, koma mkanganowo unaonetsa poyera kuti wopanda mapepala amakwera ndi chitetezo chochepa kuposa mnzake wa pampando womwewo.

Kukonza ndondomeko ya matekisi ndi ntchito ya boma la South Africa ndi eni galimotozo, ndipo sikungatheke popanda kukhudza malipiro a madalaivala ndi kagawidwe ka thandizo la boma. Mbali ya Amalawi ndi yocheperapo koma yotheka. Ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ya ku Johannesburg, pamodzi ndi mipingo ndi magulu a Amalawi kumeneko, angathe kuphunzitsa ofika kumene za misewu, zizindikiro ndi zoyenera kuchita ngozi ikagwa: kulemba nambala ya galimoto, kukanena kupolisi ndi kusunga zikalata za kuchipatala. Wopita naye afunse asanakwere, pakuti safunsa anadya phula.